Mazira ansalu a Pasaka akutuluka ophwatalala, pavuta pati?

Nasingano_LL

Moni nonse. Ndikufuna kusoka mazira ansalu 30 a pa Pasaka. Ena ndi oti ana a Sande sukulu azibisirana n'kumafunafuna, ena opachika pa nthambi pokongoletsa. Nsalu ndili nazo zidutswa zotsala kwa telala: zitenje zathonje, zitenje zoterera zija, ndi timapisi ta malaya a yunifolomu. Ndikudula zidutswa ziwiri zofanana ndi chithunzi cha dzira, n'kusoka m'mbali, kutembenuza, kenako kuikamo faiba ya m'mapilo. Koma dziralo likutuluka lophwatalala, m'mbali muli makwinya, ndipo potsekera pakuoneka chipsera. Patani yoyenera ndi yotani? Nanga m'kati muyenera kulowa chiyani, chochuluka bwanji? Makina ndili nawo opalasa ndi mapazi. Thandizeni.

TelalaWaPakhonde

Mayi, makina anu alibe mlandu. Vuto lili pa patani. Zidutswa ziwiri sizingatulutse chinthu chobulungira. Nsalu yathonje sitamuka mokwanira, ndiye mukakakamiza faiba pakati pamatukuka, m'mbali n'kumakwinyika chifukwa nsalu ya m'mphepete yasowa kopita. Dzira limafuna zidutswa zinayi, chilichonse chosongoka mbali zonse ziwiri, chotambalala chapakati.

Miyezo iyi ndi ya dzira lotalika masentimita 9, lonenepa masentimita 6.5. Ndi lalikulu kuposa la nkhuku, limene limakhala la masentimita 5.5 kapena 6, ndipo ndasankha dala. Laling'ono limavuta kutembenuza, komanso maluwa a chitenje saoneka.

Tengani pepala, mulipinde pakati. Pa mzere wopindawo yezani masentimita 12. Musadabwe kuti dzira ndi la 9 koma chidutswa ndi cha 12: nsalu imayenda mokhota kuchokera kumutu mpaka kumunsi, ndiye njira yake imatalika. Tsopano kuyambira kumunsi, mbali yonenepa ija, ikani timadontho motere, mukuyeza kuchokera pa mzere wopinda kupita kunja:

- pa sentimita 1, mamilimita 10
- pa masentimita 2, mamilimita 17
- pa 3.5, mamilimita 23
- pa 5, mamilimita 25 (apa ndiye pamimba)
- pa 7, mamilimita 23
- pa 9, mamilimita 18
- pa 10.5, mamilimita 11
- pa 12, mwafika pansonga

Lumikizani timadonthoto ndi mzere wokhota bwinobwino wopanda ngodya, dulani pepala lili chipindire, n'kulitambasula. Pamimba pakhala masentimita 5. Zinayi pamodzi ndi 20, womwe ndi muyezo wozungulira dzira lonenepa pafupifupi 6.5.

Chinthu chimene ambiri sachidziwa ndi nsonga. Zidutswa zonse zimakumana pamenepo, ndipo kuti kumunsi kukhale kobulungira, ngodya zake zikaphatikizidwa zizikwana madigiri 360. Zikakhala zinayi, nsonga ya kumunsi ya chilichonse ikhale madigiri 90. Simukusowa chida: ikani ngodya ya buku pansongapo, izigwirizana. Mukaisongola kwambiri, dzira limatuluka ndi kamchombo kotumphuka ngati ka ndimu. Mukaitambalalitsa kupitirira 90, nsalu imatsalira n'kuchita dzenje. Nsonga ya kumutu ichepeko pang'ono, cha m'ma 70 mpaka 75, n'chifukwa chake dzira limaonda mbali imodzi.

Patani imeneyi ndi ya mzere wosokapo, ilibe malo a msoko. Ijambuleni pa katoni yolimba, muziiika kumbuyo kwa nsalu n'kuzunguliza ndi pensulo yosongoka. Choko n'chonenepa, chimaba mamilimita awiri mbali iliyonse, ndipo pa kanthu kakang'ono chonchi n'zambiri. Podula siyani mamilimita 6 kunja kwa mzere. Ikaninso kachizindikiro kumunsi kwa chidutswa chilichonse, chifukwa mukadula 120 maso amasokonezeka, mutha kusoka mutu wa china ndi kumunsi kwa chinzake.

Mukafuna lalikulu, chulukitsani miyezo yonse ndi nambala imodzi, osati utali wokha. Lopitirira masentimita 14 ndi bwino kulisoka ndi zidutswa 6, pamenepo nsonga ya kumunsi ikhale madigiri 60.

MayiWaZitenje

Patani ya bambowa ndi yabwino. Ine ndiyankhulepo za nsalu ndi kasokedwe, chifukwa makwinya a m'mbali amachokeranso kumeneko.

Choyamba chapani zidutswa zonse, zofiira ndi zabuluu wakuda pazokha. Chitenje chatsopano chimakhala cholimba ndi zomata za ku fakitale, komanso utoto wina umasuluka. Dzira limene lili ndi chidutswa chofiira pafupi ndi choyera, likangonyowa kamodzi basi, choyeracho chatha. Thonje limabwereranso likachapidwa koyamba pamene poliyesitala sabwerera, ndiye mukaziphatikiza zosachapa dziralo lidzapendama pambuyo pake. Mukayanika sitani musanajambule.

Pa dzira limodzi ikani nsalu zolemera mofanana. Mitundu sakanizani mmene mtima ukufunira, koma chitenje chathonje chikhale ndi chathonje chinzake. Nsalu ya malaya a yunifolomu ndi yopyapyala, isoke payokha. Zitenje zoterera zija ndi zovuta: zimasosoka m'mphepete, ndipo faiba ikakankha msoko umatseguka n'kumaonetsa ulusi. Ngati mukuzifunabe, matani kumbuyo kwake kansalu kopyapyala komata ndi simbi kamene matelala amaika m'makolala, musanadule. Sankhani kofewa, osati kolimba ka m'lamba wa thalauza. Nsalu ya T-shirt isiyeni, imatamuka mopanda malire.

Tsopano kadulidwe. Nsalu yolukidwa ili ndi ulusi woyenda m'litali ndi wina m'lifupi. Mukaikoka motsata ulusiwo sitamuka kwenikweni, koma mukaikoka kuchokera pa ngodya kupita pa ngodya inzake imatamuka. Goneketsani patani mopingasa choncho, kuchokera ngodya kupita ngodya. Faiba ikalowa nsalu imamvera, dzira n'kubulungira, mizere ya misoko osatumphuka. Mukadula motsata ulusi, zidutswa zinayi zimatulutsa dzira la mbali zinayi, likaikidwa patebulo siligubuduzika. Ubwino wina, chidutswa cha masentimita 11 mbali zonse chimakwanira patani imeneyi ikagona mopingasa, chifukwa nsonga ya madigiri 90 imalowa ndendende pa ngodya. Chachikulu n'chakuti zinayi zonse zidulidwe mofanana. Zitatu mopingasa, chimodzi mowongoka, dzira limakhota.

Pa makina ikani singano ya 80/12, ulusi wa poliyesitala, msoko wa mamilimita 1.5 kapena 2. Msoko wautali wa pa siketi umagajuka mukayamba kupakira.

Musasoke zidutswa motsatizana, choyamba, chachiwiri, chachitatu, chachinayi. Sokani ziwiriziwiri. Gundanitsani nkhope za zidutswa ziwiri, bayani pini pa nsonga ya mzere wa pensulo kumutu ndi kumunsi kuti ituluke pa nsonga ya chinzake, kenako pini ina pamimba. Yambani kusoka pa nsonga ya mzere, osati m'mphepete mwa nsalu, ndipo mukathere pa nsonga inayo. Koyamba ndi kothera bwezani makina misoko iwiri. Pa makina opalasa amene alibe chobwezera, siyani singano ili m'nsalu, kwezani phazi, tembenuzani nsalu, kapena siyani ulusi wautali mumange mfundo ndi manja. Mukatero muli ndi timbale tiwiri. Lowetsani kamodzi m'kanzake nkhope zitagundana, misoko ya kumutu ndi kumunsi ikumane, malo a msoko mbali ina muwagonetse kumanja, mbali inayo kumanzere kuti pasanenepe. Sokani kuzungulira ndi msoko umodzi, kusiya mpata wa masentimita 4.

Mpatawo ukhale m'mbali, pakati pa mimba ndi mutu pamene mzere uli wowongokako. Ukakhala pansonga kapena pamimba penipeni, kutseka kwake n'kovuta, ndipo ndi pamene pamachokera chipsera mukuchinenacho.

Musanatembenuze, cheketsani malo a msoko atsale mamilimita 3 kapena 4, n'kudula timano tating'ono pamene pali pokhota kwambiri, osafika pa ulusi. Mzere wa kunja ndi wautali kuposa wosokapo, ndiye ukatembenuzidwira m'kati umapanikizana n'kupanga makwinya. Pa mpata pokha musachekepo, pasiyeni ndi mamilimita 6 ake.

Nasingano_LL

Zikomo kwambiri bambo ndi amayi. Ndayesa ndi zidutswa zinayi, kusiyana kwake n'kwakukulu. Zatsala ziwiri. Kumunsi kwatsala kabowo pamene misoko yakumana, faiba ikusuzumira. Komanso zidutswa zanga zambiri sizikwana masentimita 11, ndi timizere ta masentimita 3 kapena 4. Nditaye? Za zopakira nazonso ndikudikirabe.

GogoWaZidole

Mwanawe, usataye kanthu, za timizere akuyankha eni makina. Ine ndikuuze za m'kati.

Chopakira chabwino ndi faiba ya poliyesitala, ya m'mapilo ija. Sichita chuku, imauma msanga, ndipo ikapsinjidwa imabwerera. Kumbukira kuti kuno Pasaka imapeza mvula isanatheretu, m'nyumba muli chinyezi. Chilichonse chochokera kumunda chimayamba kununkha. Gaga, mpunga, nyemba ndi mapira zimaitana anankafumbwe ndi makoswe, usaziyerekeze n'komwe. Utuchi umalimbitsa bwino koma umatuluka fumbi m'misoko ndipo suchapika. Thonje la kumunda, monga la ku Balaka kapena kuchigwa cha Shire, limatheka pa mazira opachika okha, utachotsa njere zonse n'kulipeta mpaka lifewe. Likachapidwa limaundana m'magulumagulu, silibwereranso.

Dzira la muyezo umenewu limadya faiba pafupifupi magalamu 12 mpaka 15. Mazira 30 ndiye kuti pafupifupi theka la kilo, pilo mmodzi wodzaza bwino akhoza kukwanira. Ngati ndi pilo wa pa kaunjika, mchape ndi sopo, aume padzuwa mpaka m'kati, kenako utulutse faibayo uyimwazemwaze ndi zala. Yogwirana ija ukaiika chomwecho imaoneka zotupatupa kunja.

Amayi ena amapakira ndi tinyenyeswa ta nsalu tokhatokha. Ine sindivomereza. Dzira limalemera, limachita mabampu, ndipo likanyowa limatenga masiku kuti liume. Koma pali njira yapakati yosungira faiba: dula tinyenyeswato tikhale tosapitirira sentimita imodzi, utiike pakati penipeni, faiba izungulire kunja konse ngati sentimita imodzi. Pa nsalu yoyera kapena yachikasu usaikemo tinyenyeswa takuda, timaonekera.

Popakira tenga pang'onopang'ono, kakang'ono kokwana pa nsonga za zala. Yamba kumutu, ukankhe ndi kumbuyo kwa pensulo kapena kamtengo kosasongoka. Sizasi imaboola. Kenako kumunsi, kenako m'mbali motsata misoko, pakati pomaliza. Ambiri amasiya msanga poopa kung'amba. Ukaona ngati ladzaza, likadafunabe gawo lina. Dzira lokhuta ukalifinya ndi zala limabwerera nthawi yomweyo, ndipo m'misoko mulibe khwinya. Koma ukayamba kuona ulusi wa msoko ukuonekera, wapitiriza, chotsako.

Kutseka tsono. Usanapakire n'komwe, pinda milomo ya mpata ija m'kati motsata mzere wa pensulo, uitsine ndi chikhadabo kuti pakhale mzere wooneka. Tenga singano yopyapyala, ulusi uwiri wa mtundu wa nsalu. Lowetsa singano m'kati mwa mpindo kumapeto kwa mpata kuti mfundo ibisale. Ukatulukira pa mpindo, dumphira mbali inayo moyang'anizana ndendende, ulowe m'mpindo, uyende m'kati mamilimita 3, utuluke. Bwerera mbali yoyamba moyang'anizananso, ulowe, uyende mamilimita 3. Ulusi uzioneka utadutsa mowongoka pakati pa milomo iwiriyo. Ukachita kanayi kapena kasanu, koka pang'onopang'ono, milomo ikumana, ulusi ubisala. Ukalowa mopendeka osati moyang'anizana, mlomo wina umatsogola, kumapeto n'kutsala nsalu yokwinyika. Itatsala sentimita imodzi, onjezera kafaiba pansi pa malo ukusokawo, chifukwa pamenepo ndi pamene pamatsala dzenje. Ukamanga mfundo, lowetsa singano m'dziramo ikatulukire kwina, koka pang'ono, dula. Mchira wa ulusi ubwerera m'kati wokha.

Pomaliza lipukuse m'manja mwamphamvu kuti faiba ikhazikike.

AchemwaliKuLeeds

Ndiwonjezereko pang'ono pa za ana ndi zopachika. Mwambo wa mazira a Isitala ndi wa ku Ulaya ndi ku America, kumene chikondwererochi chimafika nyengo yozizira ikutha, mitengo ikuphuka. N'chifukwa chake zithunzi za pa intaneti zimadzaza ndi mitundu yofatsa, pinki ndi chikasu chosawala. Palibe lamulo pamenepo. Ku Greece mazira a Pasaka amawanyika mu utoto wofiira kwambiri, ndipo ku Germany amapachika a mitundumitundu pa nthambi. Chitenje chimakhala bwino kwambiri, bola musankhe cha timaluwa ting'onoting'ono. Cha maluwa aakulu, chidutswa cha masentimita 5 chimangogwira mtundu umodzi. Njira yabwino ndi kuika ziwiri za maluwa ndi ziwiri zopanda maluwa mosinthanitsa.

Chopachikira: riboni yopyapyala ya masentimita 20, muipinde pawiri. Isokereni pamodzi ndi msoko womaliza uja, pansonga ya kumutu. Mbali yopindika ilowe m'kati mwa timbale, michira iwiri itulukire kunja kwa msoko sentimita imodzi, ndipo mumange mfundo pa michirayo kuti isasololoke. Mukatembenuza, chopachikira chimatulukira chokha. Yosokerera pamwamba dzira litatha imathothoka.

A ana asiyanitseni ndi opachika. Mwana wosakwana zaka zitatu amaika chilichonse m'kamwa, ndiye pa mazira ake pasakhale mikanda, mabatani, timaso tomata, kapena chingwe. Asachepere masentimita 5 kunenepa kwake. M'kati mukhale faiba yokha, osati timiyala kapena mchenga. Misoko muidutse kawiri, ndipo dzira lililonse mulikoke mwamphamvu musanalipereke. Kukongoletsa kwake kukhale kopeta ndi ulusi, kapena riboni yosokedwa mbali zonse ziwiri pa chidutswa musanalumikize, kuti nsonga zake zimezedwe ndi msoko.

Amene muli kuno ku UK ndipo mukufuna kugulitsa, dziwani kuti chosewerera ana chansalu chimayenera kukwaniritsa malamulo a chitetezo cha zidole otchedwa EN 71 ndi kukhala ndi chizindikiro cha UKCA kapena CE, ngakhale chitakhala chosokedwa pakhomo. Kungolemba kuti n'chokongoletsera sikuthandiza ngati chinthucho chikuoneka kuti mwana angachitenge ngati chidole.

TelalaWaPakhonde

Mayi, za kabowo kaja. Kamabwera misoko iwiri yoyamba ikathera patali ndi nsonga, kapena msoko womaliza ukadutsa kunja kwa pamene iwiriyo yathera. Mukamasoka msoko wozungulira, mukafika pansonga chepetsani liwiro, muyendetse gudumu ndi dzanja. Singano idutse ndendende pa msoko womaliza wa kambale, kapena ulusi umodzi m'kati mwake. Kulowa m'kati pang'ono sikuoneka, koma kutuluka kunja ndiye kabowoko. Kuti timbale tisasunthane, tigwirizitseni pansonga ndi misoko itatu ya pamanja musanapite ku makina. Pini imatsetsereka pamalo onenepa chonchi.

Amene mwasoka kale musawaphwasule. Tengani ulusi uwiri, tolani kansonga ka chidutswa chilichonse mozungulira kabowoko, zonse zinayi, kokani, mudutsenso kachiwiri, mfundo muibise monga anenera agogowa. Kapena dulani kansalu kozungulira ka masentimita 2, pindani m'mphepete, musokerere pamenepo ndi manja. Pa chitenje zimaoneka ngati munachita dala.

Timizere tanu ndi chuma. Tilumikizeni kaye tikhale nsalu imodzi, kenako mudulepo patani. Wongolani m'mphepete mwa kalikonse, sokani m'litali ndi msoko wa mamilimita 5, n'kusita msoko uliwonse motsegula, mbali ina uku ina uko. Kamzere ka masentimita 4 katsala kooneka masentimita 3. Tisanu totere tikupatsani nsalu ya masentimita 16, yokwanira utali wa patani mizere ikuyenda mopingasa dzira. Apa msoko ukhale waufupi ndithu, mamilimita 1.5, chifukwa podula patani mudula ulusi wa misoko yonseyi, ndipo wautali umayamba kumasuka musanalumikize.

Pali zinthu ziwiri zoyang'anira. Msoko wa timizere usagwere pafupi ndi nsonga, pakhale masentimita 2 a nsalu imodzi kumutu ndi kumunsi. Kupanda kutero pansonga pakumana nsalu zoposa khumi, singano ithyoka, ndipo dzira likhala ndi mfundo yolimba. Chachiwiri, sankhani ngati mukufuna mizere ikumane kuzungulira dzira kapena ayi. Ngati mukufuna ikumane, jambulani mzere umodzi pa katoni ya patani, muziugwirizanitsa ndi msoko womwewo podula zinayi zonse, ndipo posoka bayani pini pa msoko uliwonse. Ngati simukufuna ntchito imeneyo, sunthani patani kwambiri pa chidutswa chilichonse kuti kusiyana kuoneke kuti n'kwadala. Kuphonyana kwa mamilimita awiri ndi kumene kumanyansa.

Pano ndisiyaneko pang'ono ndi amayi a zitenje. Kudula mopingasa ndi kwabwino pa nsalu imodzi, koma pa nsalu yolumikiza mizere ikamazungulira dzira, patani imagona motsata ulusi, ndiye kutamuka kumachepa. Njira zilipo ziwiri. Mutha kupendeketsa patani madigiri 45 pa nsalu yolumikizayo, mizere izitsika mopendeka, ndipo mukatembenuza kupendekako pa zidutswa ziwiri mizere imakumana mwa V pa msoko uliwonse. Kapena siyani mizere yowongoka koma musoke ndi zidutswa 6. Utali ukhale womwewo wa masentimita 12, koma miyezo ya m'lifupi ija muichepetse kukhala magawo awiri mwa atatu: pamimba mamilimita 17 kuchokera pa mzere wopinda m'malo mwa 25, ndipo enawo 6, 11, 15, kenako kupitirira mimba 15, 12 ndi 7. Sokani zitatuzitatu kupanga timbale tiwiri, n'kulumikiza ndi msoko umodzi monga kale. Misoko yachuluka, koma dzira limabulungira ngakhale nsalu isatamuke.

Pa mazira 30 musamalize limodzilimodzi. Sokani limodzi lathunthu kaye ndi nsalu yosafunika kuti muone ngati patani yakhala, chifukwa kusintha katoni imodzi n'kosavuta kuposa kusintha zidutswa 120. Likakhala bwino, dulani zonse, muziike zinayizinayi ndi pini, musoke timbale tonse motsatizana osadula ulusi pakati, kenako misoko yozungulira yonse. Kupakira ndi kutseka ndi kumene kumadya nthawi, ndipo sikufuna makina, ndiye mukhoza kugawana ndi amayi anzanu a ku mpingo. Amene ali ndi dzanja labwino pa msoko wobisika azitseka yekha onse, kuti afanane.